The Graduate: filimu ya mnyamata wosadziwa kolowera

Achemwali, mwafunsa ngati The Graduate ndi filimu yoyenera kuipatsa nthawi, poti mwamva kuti nkhani yake ndi ya mnyamata wogwa m'chibwenzi ndi mayi wa msinkhu wa amayi ake basi. Chibwenzicho chilimodi, koma amene anakuuzaniwo anangoona khungwa. Ndikuchenjezeni kuti ndiulula mathero.

Inatuluka mu 1967, ndipo Mike Nichols, amene anaitsogolera, anapata nayo mphotho ya Oscar. Nkhaniyi anaitenga m'buku la Charles Webb la 1963. Benjamin Braddock wamaliza maphunziro a ku koleji, wabwerera kwa makolo ake olemera ku California. Amukonzera phwando, alendo onse ndi anzawo a makolo ake, aliyense akufunsa kuti tsopano achita chiyani. Bambo wina amutengera pambali n'kumupatsa malangizo a mawu amodzi okha, mapulasitiki, kuti ndalama zili kumeneko. Anthu amaseka pamenepo, koma yang'anani nkhope ya mnyamatayo. Ali ndi digiri, ali ndi galimoto yofiira ya Alfa Romeo, koma mumtima mulibe kanthu. Atakwanitsa zaka 21, bambo ake amugulira zovala zosambirira pansi pa madzi n'kumukakamiza kuti azionetse kwa alendo. Iye angoima phee pansi pa dziwe, osamva aliyense. Kwa ine filimu yonse yagona pamenepo.

Ndinaionera koyamba ndili wamng'ono, mtima wanga wonse unali kwa Benjamin. Nditaibwereza ndili wamkulu, amene anandimvetsa chisoni ndi Mayi Robinson, mkazi wa mnzake wa bambo ake pa ntchito, mayi wa chibwenzi chija. Usiku wina ku hotela Benjamin awaumiriza kuti achezeko, ndipo pang'onopang'ono zituluka: ku koleji ankaphunzira zojambulajambula, anatenga mimba, anasiya zonse n'kulowa m'banja lopanda chikondi. Anne Bancroft, amene akusewera ngati Mayi Robinson, amanena zimenezi atatembenukira kumbali, mawu ali ozizira, ndipo umaona kuti mayiyu nayenso anali ndi maloto. Zimene achita pambuyo pake n'zankhanza, sindiwaikira kumbuyo. Koma si mfiti ayi. Chodabwitsa n'chakuti Bancroft ankasiyana ndi Dustin Hoffman, amene akusewera ngati Benjamin, zaka 6 zokha.

Pali china chimene sindigwirizana nacho. Benjamin atakonda Elaine, mwana wa mayi yemweyo, amulondola mpaka ku Berkeley kumene amaphunzira, kumuzembera, kumuvutitsa kuti akwatirane. Filimuyo imationetsa ngati chikondi champhamvu. Ine ndimaona mnyamata amene wapeza chogwira chifukwa akumira, ndipo Elaine sapatsidwa mpata wokwanira woti timudziwe.

Tsopano mathero. Elaine akukwatiwa ndi wina ku Santa Barbara. Mafuta amuthera Benjamin panjira, athamanga wapansi, afika kutchalitchi malumbiro atachitika kale. Amenya galasi akufuula dzina lake, Elaine ayankha, athawa limodzi atatseka chitseko ndi mtanda, n'kukwera basi. Akhala mpando wakumbuyo akuseka, Elaine ali m'diresi la ukwati. Filimu ina ikanathera pomwepo. Koma kamera siichoka. Kuseka kuzilala, aliyense ayang'ana kutsogolo, Elaine amucheukira Benjamin koma iye osabweza maso, nyimbo ya Simon ndi Garfunkel n'kuyamba. Athawa makolo, inde, koma funso lija la pa phwando likadalipo, ndipo palibe amene ali ndi yankho. Masekondi amenewo ndawaonera kangapo, nthawi zonse amandigwira pakhosi.

Za bukulo, ndingati yambani filimu. Webb analemba pafupifupi zokambirana zokhazokha, ziganizo zazifupi, ndipo zimakoma kwambiri ukamamva kale mawu a Hoffman m'mutu. Mudzaona kusiyana: za mapulasitiki zija mulibe, anaziwonjezera olemba filimu, ndiponso m'bukumo Benjamin afika ukwati usanamangidwe. Nichols anasankha kuti achedwe, choncho Elaine pothawa akuswa ukwati weniweni, osati chitomero.

Musaionere ndi ana, muli zina za akuluakulu. Komanso imayenda mwapang'onopang'ono, makamaka pakati pomwe Benjamin amangoyandama padziwe tsiku ndi tsiku, ndiye musaithamangitse. Mukamaliza mubwere mutiuze zimene mwawerenga pa nkhope ya Elaine m'basi muja.