Madzi a pankhope ya Axayacatl si misozi

Achemwali, mwafunsa ngati mfumu ya Aaziteki ya pachithunzi chomwe mwaikacho ikulira, poti pambali pake pali kankhope komwe madzi akuyenderera. Ayi, si misozi imeneyo. Limenelo ndi dzina lake.

Mfumuyo ndi Axayacatl, yemwe analamulira mzinda wa Tenochtitlan (pomwe lero pali mzinda wa Mexico City) kuyambira 1469 mpaka 1481. M'chinenero chawo cha Nahuatl, atl ndi madzi, xayacatl ndi nkhope. Mlembi, amene iwo ankamutchula kuti tlacuilo, anajambula nkhope n'kuithira madzi, kenako n'kukoka kamzere kolumikiza chithunzicho kwa mwini dzina. Tachikuzani pafoni panupo. Madziwo ndi abuluu, amagawikana timitsinje, ndipo kunsonga kwa kamtsinje kalikonse kuli kachigoba koyera ka nkhono kapena kadontho kobulungira ngati mkanda. Mukangowazindikira kamodzi, muziwaona paliponse. Ahuitzotl, yemwe analowa ufumu mu 1486, dzina lake ndi la kanyama ka m'madzi, ndipo amakajambula madzi ali pamsana.

Koma chomwe chimandigwira mtima ine ndi ichi: si nthawi zonse pamene madziwo amatanthauza madzi. Nthawi zina amangoimira liwu loti "a". M'buku la kalembera wa mabanja ndi minda lotchedwa Codex Vergara, lochokera ku Tepetlaoztoc cha m'ma 1540, muli dzina loti Itzcoatl, kutanthauza njoka ya mwala wakuda wakuthwa uja ankapangira mipeni. Kawirikawiri dzinali ankalilemba pojambula njoka yokhala ndi timipeni pamsana. Koma m'bukuli muli malo pomwe njoka palibe n'komwe. Pali mwalawo, itztli. Pali mphika, comitl. Pali madzi, atl. Werengani mokweza: itz, co, a. Dzina latuluka. Zili ngati munthu ajambule mbale yodyera nsima pofuna kulemba "m'bale wanga". Mbaleyo ilibe nawo ntchito ubalewo, yangobwereka mawu ake.

N'chifukwa chake zimandiwawa anthu akamanena kuti Anahua, anthu olankhula Nahuatl monga Aaziteki, analibe zilembo, ankangojambula zithunzi. Amene analemba dzinali ankamvetsera mawu, n'kuwaphwanya m'zidutswa. Ndipo dziwani kuti maina a m'buku la Vergara sanali a mafumu ayi, anali a anthu wamba, alimi okhometsedwa msonkho, aliyense kamutu kake ndi dzina lake pambali.

Palinso ana omwe ankatenga dzina kuchokera ku tsiku lobadwa. Atl linali limodzi mwa maina 20 a masiku pa kalendala yawo ya masiku 260, choncho madzi okhala ndi timadontho towerengera pambali angakhale tsiku chabe.

Chenjezo limodzi, musathamangire kuona madzi m'dzina lililonse loyamba ndi "a". Acamapichtli, mfumu yoyamba ya Tenochtitlan, "a" wake ndi wa acatl, bango. Mukamuona m'buku lina lotchedwa Codex Mendoza, lomwe likusungidwa ku Oxford, dzina lake ndi dzanja lofumbata mabango.