Nsonga za mabere zikang'ambika poyamwitsa: yankho kwa mayi a ku Dómuè

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Dómuè, m'boma la Angónia, amene anabereka mwana wawo woyamba masiku 12 apitawo. Iwo analemba kuti nsonga za mabere onse awiri zang'ambika, kuti la kumanzere limatuluka timagazi, ndiponso kuti mwana akangoyamba kulira mtima wawo umagunda poganizira ululu umene ukubwera. Apongozi awo anawauza kuti azipakapo uchi, mnzawo wina anatchula phulusa losakaniza ndi mafuta, ndipo iwo akufunsa ngati pakhomo pali chimene chingapoletse zilondazi popanda kusiya kuyamwitsa.

Mayi, pepani kwambiri. Ululu umenewu ndimaudziwa, chifukwa unandipeza inenso ndisanatuluke n'komwe m'chikuta ndi mwana wanga woyamba, ndipo sindikufuna kuti wina akuuzeni kuti umayi ndi kupirira basi. Kuyamwitsa kumatha kuwawa pang'ono masiku oyambirira, koma kukafika pong'amba khungu ndiye kuti pali china chofunika kukonza.

Nthawi zambiri cholakwikacho si khungu lanu, koma mmene mwana akugwirira bere. Khanda likamayamwa nsonga yokha, nsongayo imatsinidwa pakati pa lilime ndi mbali yolimba ya kumwamba kwa kamwa, ndipo popeza mwana wa msinkhu umenewu amayamwa maulendo 8 mpaka 12 pa maola 24, chilonda chimatsegukanso chisanayambe n'komwe kuuma. N'chifukwa chake chilichonse chimene mungapake chidzakugwiritsani mwala ngati kagwiridwe ka bere sikasintha. Khalani motsamira bwino, mumutembenuze mwana kuti mimba yake ikhudze yanu, mutu ndi thupi lake zikhale mowongoka, ndipo mphuno yake iyang'anizane ndi nsonga ya bere. Mukhudzeni pamlomo ndi nsongayo, dikirani mpaka ayasamule kwambiri, kenako mumukokere msanga kubere, osati kuweramira kwa iye. Akagwira bwino mudzaona kuti chibwano chake chakhudza bere, mlomo wam'munsi wapindikira kunja, ndipo mbali yakuda yozungulira nsonga ikuoneka kwambiri pamwamba pa kamwa kuposa pansi. Izi ndi zizindikiro zimene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limaphunzitsa anamwino. Ngati ululu ukupitirirabe, lowetsani chala chaching'ono chosamba bwino pakona ya kamwa kuti asiye bere, ndipo muyambirenso. Musamuzule mokoka, chifukwa pamenepo m'pamene amayi ambiri amadzivulaza. Akamaliza, yang'anani nsonga: ikatuluka yophwatalala ngati yatsinidwa, ndiye kuti anaigwira pang'ono.

Tsopano za mankhwala a pakhomo. Oyamba, amene ineyo ndimawakhulupirira kuposa ena onse, ndi mkaka wanu womwewo. Mwana akatha kuyamwa, sambani m'manja, finyani timadontho tiwiri kapena titatu, pakani pansonga ndipo musiye kuti ziume zokha musanavale. Mkaka wa m'mawere uli ndi zinthu zolimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda, sufuna ndalama, komanso sufunika kuupukuta mwana asanayamwenso. Achiwiri ndi madzi a mchere: wiritsani madzi, muwasiye afunde, ndipo musungunule theka la supuni yaing'ono ya mchere mukapu imodzi. Viikani nsonga mmenemo kwa mphindi imodzi kapena ziwiri mwana akamaliza, kenako muumitse mosakhula ndi kansalu koyera. Musachulutse mchere poganiza kuti kuwawa ndiko kupoletsa, ndipo tsiku lililonse pangani madzi atsopano. Kansalu koviikidwa m'madzi ofunda kamachepetsanso ululu, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene kuzizira kwa ku Angónia kumaumitsa khungu.

Sambani mabere ndi madzi okha kamodzi patsiku, popanda sopo pansonga, chifukwa sopo amachotsa timafuta timene khungu la pamenepo limatulutsa lokha. Kamisolo kapena kapulana ikanyowa ndi mkaka musinthe msanga. Yambani kuyamwitsa bere limene silikupweteka kwambiri, ndipo likakhala lodzaza mpaka kulimba, kamani pang'ono ndi dzanja kuti lifewe mwana asanaligwire. Ngati wina akupita ku Ulónguè kapena ku Tete, angafunse kogulitsira mankhwala mafuta oyeretsedwa a lanolin, koma musadandaule akapanda kupezeka.

Za uchi ndiyenera kunena mosabisa, ngakhale ndikudziwa kuti apongozi anu akunena chifukwa chokukondani. Uchi suyenera kulowa m'kamwa mwa mwana wosakwana chaka chimodzi, chifukwa umatha kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda a botulism, amene amafooketsa minofu ya khanda mpaka kulephera kuyamwa ndi kupuma. Chimene mwapaka pansonga, mwana amachimeza. Pa chifukwa chomwecho musapake phulusa, mankhwala otsukira mano, kachasu, masamba otafunidwa kapena madzi a aloe vera, amene amatsegula m'mimba mwa mwana. Ndi bwino kupita ndi apongoziwo kusikelo kuti mawu amenewa awamve kwa namwino, osati kwa inu mpongozi wawo.

Simunandiuze ngati munayezetsa HIV muli oyembekezera, ndipo sindikufunsa kuti mundiyankhe, koma nkhani ya magaziyo imadalira pamenepo. Kwa mayi amene alibe kachilombo, timagazi tochepa tolowa mumkaka sitivulaza mwana, ndipo angapitirize kuyamwitsa. Kwa mayi amene ali nako, chilonda cha pansonga chimawonjezera mpata wopatsira mwana. Mayi wotereyu apitirize kumwa mankhwala ake ochepetsa mphamvu ya kachilomboka (TARV) tsiku lililonse, ayamwitse bere limene lilibe chilonda, azikama lodwalalo n'kutaya mkakawo kuti lisatupe, ndipo aonane ndi namwino mwamsanga. Popeza inu mabere onse awiri ali ndi zilonda, ngati nkhaniyi ikukukhudzani pitani lero lomwe, musadikire tsiku la sikelo.

Palinso zizindikiro zina zimene madzi a mchere sangathane nazo. Bere likafiira, kutentha ndi kutupa, inu n'kumamva kutentha thupi ndi kunjenjemera ngati malungo, kapena chilonda chikayamba kutuluka mafinya, pafunika mankhwala a kuchipatala. Ululu wotentha ngati moto umene umapitirira mwana atasiya bere, pamodzi ndi timadontho toyera m'kamwa mwake, umafuna kuti nonse awiri muonedwe. Ana ena amabadwanso ndi kamnofu kafupi pansi pa lilime kamene kamawalepheretsa kugwira bere mokwanira ngakhale mayi atachita zonse molondola.

Kagwiridwe ka bere kakakonzeka, ululu umayamba kuchepa pa masiku ochepa. Pakadutsa masiku awiri kapena atatu osaona kusintha, tengani mwanayo kwa namwino woona za amayi ndi ana pachipatala chapafupi, kapena itanani wothandiza zaumoyo wa m'mudzi mwanu, ndipo muwapemphe kuti akhale nanu n'kuonerera pamene mukuyamwitsa kuyambira poyamba mpaka mwana atasiya bere.