Musadule thabwa limenelo musanadziwe chimene lanyamula

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwagula nyumba yakale ku South Bend, kuno ku America, mukufuna kuchotsa panelo yamagetsi (bokosi la mabreka) ya ma amp 100 n'kuikapo ya 200, koma mpata wa pakati pa matabwa a m'khoma ndi mainchi 14 okha pomwe bokosi latsopanolo ndi 14 ndi kota. Ndiye mukufunsa ngati mungangodula thabwa limodzi kuti lilowe. Ayi, sowoyo tayiikani kaye pansi.

Tepi yanu sikunama, ndipo amene anamanga nyumbayo sanalakwitse. Kuno matabwa oimirira aja, ma stud, amatalikirana mainchi 16 kuchokera pakati pa ili kufika pakati pa linzake. Thabwa la 2x4 la masiku ano ndi dzina chabe, kunenepa kwake kwenikweni ndi inchi imodzi ndi theka, choncho mpata umatsala 14 ndi theka. Makampani a Square D, Siemens ndi Eaton amapanga mabokosi awo pafupifupi 14 ndi kota kuti azilowa mmenemo. Koma nyumba zambiri zomwe zinamangidwa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse isanayambe zili ndi matabwa osapala, onenepa mainchi 2 athunthu. Pa 16 mukachotsapo 2, ndi 14 yanu ija.

Musanakhudze chilichonse, yezani mpatawo malo atatu: pamwamba, pakati ndi pansi. Thabwa lakale limapindika ngati uta, mwina pothina ndi pakati pokha. Nthawi zina chotchinga ndi mutu wa msomali, kapena pulasitala amene anauma n'kukakamira m'mbali mwa thabwa. Mukapala zimenezo mutha kupeza kuti kota ija yabwera yokha.

Ikakanabe, tsikirani ku basement, chipinda cha pansi pa nyumba, muone kumene matabwa onyamula pansi pa nyumba alowera, kenako mukwere kudenga muonenso chimodzimodzi. Ngati matabwa a pamwamba adutsa mopingasa n'kutsamira pa khoma limenelo, ndiye kuti khomalo lanyamula nyumba. Makoma akunja ambiri ndi otero. Kuchotsa stud pamalo ngati amenewo ndi ntchito yofanana ndi yotsegula windo, pamafunika header, thabwa lopingasa lonyamula kulemera, pamwamba ndi matabwa oichirikiza mbali zonse ziwiri. Si ya Loweruka masana ayi. Apa m'pamene anthu akwathu timapusitsika, poti tinazolowera khoma la njerwa. Ku Ndirande ukafuna kuika DB, bokosi la mabreka lomweli, umangotenga tchizulo ndi hamala, kugoba, kumata simenti, nkhani yatha. Kuno khoma ndi mphako, mphamvu yonse ili m'timatabwa timeneti.

Chimene ambiri amachita ndi kusenga pang'ono mbali zonse ziwiri, theka la kota uku, theka la kota uko, kutalika kwa bokosi lokha basi. Thabwa la mainchi 2 likasengedwa motero limatsalabe lonenepa kuposa la masiku ano. Komabe muonetseni inspekitala musanayambe, asadzakuuzeni kuti muphwasule mutatseka kale. Matabwa akalewo ndi olimba ngati mlombwa, ndipo misomali yobisika imadya mano a makina, gulirani mipeni iwiri.

Chimene ndikukuletsani ndi mtima wonse ndi kulikhomera bokosilo ndi hamala. Ine ndinachitapo ndikungoyamba ntchitoyi. Linalowa ndithu, ndinasangalala, koma chitsulo chinali chitafinyika pakati. Pobwezera chivundikiro mabowo a masikuluwu anakana kukumana, mabreka awiri a pakati anali atapendekeka, kachitseko sikankatsekeka. Tinalizula madzulo omwewo, nyumba ili mumdima, mwini wake ataima kumbuyo ndi tochi osalankhula kanthu. Bokosi lina ndinagula ndi ndalama yanga.

Ngati panelo ili ku basement kapena m'galaja, ine sindingalimbane ndi mpatawo n'komwe. Khomerani pulayiwudi pankhope ya khoma, bokosi likhale pamenepo. Kukongola kumachepa, koma mawaya amalowa momasuka ndipo tsiku lina mukadzafuna kuwonjezera breka ya chowumitsira zovala mudzandithokoza. Mukasankha kulilowetsa m'khoma, milomo yake ifanane ndi nkhope ya khoma, isabisale mkati. Malamulo a zamagetsi a kuno, a NEC, amafunanso malo opanda katundu kutsogolo kwa panelo: mainchi 36 kuchokera pa bokosi, 30 m'lifupi, ndi mafiti 6 ndi theka kupita m'mwamba. Sailolanso m'bafa kapena m'kachipinda ka zovala.

Tsono nkhani imene simunafunse. Kuzimitsa main breaker, breka yaikulu ya nyumba yonse, sikupha mawaya akuluakulu ochokera ku mita. Amakhalabe ndi moto wa ma volt 240, ndipo mkati mwa nyumba mulibe chowazimitsira. Akampani ya magetsi ndiwo ayenera kubwera kudzadula. Kuchoka pa 100 kupita pa 200 nakonso si kusintha bokosi lokha, mawaya olowera m'nyumba ndi bokosi la mita nthawi zambiri zimasinthidwira limodzi. Zonsezi zimafuna chilolezo, ndiye pezani wamagetsi wa laisensi, inu muzimuthandiza za matabwazi kuti mtengo utsike.

Jambulani denga la ku basement molunjika pansi pa khomalo, ndi mpatawo tepi ili pomwepo, muponye muno tione limodzi.