Masilaidi anga onse akutuluka a pepo

FUNSO: Ndikuphunzira microbiology (maphunziro a tizilombo tosaoneka ndi maso) ku koleji, m'kalasi ndimamva bwinobwino koma ku labu Gram stain, njira yosiyanitsira mabakiteriya ndi utoto, ikundisowetsa mtendere, ngakhale bakiteriya wa E. coli, woyenera kutuluka wa pinki, akumatuluka wa pepo. Ndikulakwitsa pati? — Wophunzira, Blantyre

YANKHO: Musataye mtima ayi. Kawirikawiri vuto ndi smear (mabakiteriya opakidwa pa silaidi) yokhuthala, mabakiteriya akaunjikana ethanol salowa bwino kukachotsa crystal violet, utoto woyamba wa pepo. Pakani pang'ono chabe, iume kaye, kenako muidutsitse pamoto. Mukatsuka ayodini, amene amathiridwa pambuyo pa crystal violet, thirani ethanol masekondi ochepa basi nkutsukanso msangamsanga, chifukwa mukachedwa ngakhale bakiteriya wa Staphylococcus, woyenera kukhala wa pepo, atuluka wa pinki ndi safranin, utoto womaliza. E. coli peptidoglycan yake, yomwe imapanga khoma la selo, ndi yopyapyala ndiye sasunga utoto woyambawo. Ndipo chonde gwiritsani kalicha (mabakiteriya omeretsedwa mu labu) yatsopano, yokalamba imanamiza.