Mbande za ku Joni, mapepala a pa boda ndi mabuku amene mwafunsawo

Achemwali, mwafunsa ziwiri pakamodzi: geni yooda mbande za zipatso ku Joni imayenda bwanji, komanso mugule mabuku ati ophunzirira mitengo ndi kumezanitsa. Ndiyankha, koma nazale zimene ndimaodako musayembekeze kuti ndikutchulirani. Ndinazipeza ndi mapazi angawa, kuzungulira Tzaneen ndi Nelspruit dzuwa likuswa mtengo, ndipo amene ndinawalozerapo njira ndi omwewo anadzandilanda makasitomala.

Mabuku ndiye posavuta. Ambiri amathamangira Trees of Southern Africa la Keith Coates Palgrave, chibuku chija chinatuluka koyamba mu 1977. N'labwino, ndili nalo, koma malire ake ndi Zambezi ndipo ife tili kumpoto kwake. Mlombwa, msangu, mlambe ndi masuku mudzazipezamo, koma ina ya m'mapiri mwathu muno mulibe. Lolowa m'chikwama ndi Field Guide to Trees of Southern Africa la Braam van Wyk ndi Piet van Wyk, la 1997. Lili ndi zithunzi ndipo mitengo anaisanja potengera masamba, ndiye mumangothyola tsamba n'kuyamba kufananiza. Zakwathu zenizeni zili mu Useful Plants of Malawi la Jessie Williamson ndi Dictionary of Plant Names in Malawi la Blodwen Binns, la 1972. Awiriwa m'sitolo simudzawaona, kafunseni ku herbarium, malo osungirako zitsanzo za zomera, ku Zomba kapena ku laibulale ya koleji. La Binns musalipeputse, chifukwa pa pemiti salemba bwemba, amalemba dzina lake la sayansi, Tamarindus indica.

Za kumezanitsa zili mu Plant Propagation la Hartmann ndi Kester. Ndi lolemera, lodula, Chingerezi chake cha ku yunivesite. Onani zojambula za kadulidwe, kalendala yake musiye. Analilembera ku America, ndiye akamanena nyengo yophukira mitengo akunena Malichi ndi Epulo, pamene kuno mvula ikutsanzika.

Tsopano geniyo. Pemiti imatengedwa musananyamuke, kwa a zofufuza zaulimi monga ku Bvumbwe kapena ku Chitedze, chiphaso cha phyto, chotsimikizira kuti mbande zilibe matenda, chimachokera kumene mwagulako, dothi siliwoloka boda. Izi ndiye ngakhale kondakitala wa basi amazidziwa. Nazale zolongosoka kumeneko zimadzala m'makungwa a paini owola, osati m'dothi, ndipo muonetsetse kuti pepala lanena choncho. Nthochi musayerekeze n'komwe kuzembetsa, ngakhale wina akulonjezeni ndalama zotani. Kafunseni ku Thyolo ndi ku Mulanje chimene matenda a nthochi a chisaka anachita.

Koma mapepala kukhala bwino sikuti mwawoloka. Chaka china bambo wina wa munda waukulu anandipatsa oda ya mapeyala a Hass ndi mango a Kent, yaikulu kuposa zonse zimene ndinanyamulapo. Munthu wa galimoto yake, wolankhula mwaulemu, akuti mayi musadandaule, katundu akangofika ndalama yonse pompo. Mpamba wanga sunakwane, ndinawonjezera ya banki nkhonde, pamwamba pake ya katapila. Unali Okotobala, kuti mbande zipume kaye mumthunzi mvula isanayambe. Ndinapakira ndekha, chubu chilichonse ndinachigwira ndi dzanja, pamwamba ndinamanga neti m'malo mwa tenti kuti mphepo izilowa. Dalaivala ndinamulipira yoonjezera kuti chigwa cha Tete tidutse kusanatenthe.

Pa boda ina, sindiitchula dzina ndipo musandifunse dziko, tinafika m'mamawa. Bwana wa pawindo anatenga mapepala, anayang'ana, anatuluka kukaona katundu. Anazula kachikwangwani pa chubu chimodzi, akuti apa palembedwa Hass, pa pemiti palembedwa Persea americana, ndiye katundu wanu ndi wina, pepala ndi la wina. Ndinayesa akuseka. Ndinamufotokozera kuti Hass ndi mtundu chabe wa peyala lomwelo, ndinatulutsa mpaka buku m'chikwama kumuonetsa tsamba. Sanaliyang'ane. Akuti buku si lamulo, dikirani woyeza zomera. Woyeza zomerayo akuti wapita ku maphunziro. Mawa lake akuti ali ku maliro. Kenaka kunabwera kamnyamata kopanda yunifomu, kondiyandikira ngati tinadziwana kale, kakuti mayi mungoona bwana kuti amwe kafanta, zithe. Ndalama ya fanta imeneyo inali yogulira mbuzi zingapo. Ine mapepala anga ali bwinobwino ndipereke chifukwa chiyani? Ndinakana.

Anatiuza tiimike thiraki kuseri, pa simenti, popanda ndi kamthunzi komwe. Madzi a pampopi wa pa boda akuti ndi a ofesi. Ndinkagula a m'zigubu kwa ana a pamsika, n'kumathirira ndi botolo loboola pachivindikiro, chubu ndi chubu, usiku ndi tochi ya foni. Masana neti ija inkatentha moti sungaigwire. Peyala lomezanitsa limayamba kufa kunsonga. Timasamba tofiirira tija timalendewera kaye, kenaka timada, kenaka kudako kumatsika ndi kanthambi mpaka pa mfundo yomezanitsira pomwe pali pulasitiki. Ndinkakanda khungwa ndi chikhadabo kuona ngati mkati mudakali mobiriwira, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakanda chakumunsi kuposa dzulo. Mango anapirirako, mapeyala ndiye ayi.

Woyeza zomera atabwera sanakwere n'komwe pa thiraki. Anawerenga pepala, anadinda, n'kundifunsa kuti nanga mumadikira chiyani mayi. Bwana uja ali pomwepo, akudya chimanga chowotcha. Mpaka lero ndikadutsa pamenepo sindimupatsa moni, ndipo anthu akamati a pa boda amateteza dziko ku matenda a mbewu ndimangoti chabwino, alipo otero, koma uyo ankateteza mimba yake.

Bambo wa oda uja anangoyang'ana kamodzi, akuti ine ndinaoda mitengo osati nkhuni. Foni yake kuyambira tsiku limenelo inkangolira. Wa katapila ndiye sanasowe, ankafika m'mawa ndisanasese pakhomo. Firiji inapita, mashini osokera anapita, poloti yomwe ndinagula kuti ndidzamangepo inapitanso. Amayi a ku banki nkhonde anandikhazika pakati ngati mfiti.

Machubu aja sindinataye. Ndinawaika pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba n'kumathirira, mwina chifukwa cha ukali chabe. Mvula itagwa ambiri anaphukira pansi pa mfundo, kutanthauza kuti Hass wafa koma tsinde lili moyo. Apa ndi pamene buku la Hartmann lija linabweza ndalama zake. Ndinapempha nthambi kwa agogo ena amene ali ndi Hass wobereka, n'kuyamba. Tsinde likafika kukula kwa pensulo mumalidula, kuling'amba pakati, kanthambi kokhala ndi maso awiri kapena atatu mumakasongola mbali ziwiri, kulowetsa, khungwa likumane ndi khungwa ngakhale mbali imodzi yokha. Kumanga ndi kapulasitiki kodula ku jumbo, pamwamba kuveka kapepala ka mafirizesi kuti kasaume. Mpeni ukhale wakuthwa woti n'kumetera, ndipo musamagwire podulapo ndi zala. Lero ndikamezanitsa khumi, kufa awiri ndiye kuti tsiku limenelo ndinadwala. Anyamata ena amene amadzitcha akatswiri pa Facebook anaphunzira pakhonde panga.

Chimene mabuku sanena ndi makasitomala. Mukawagulitsa mbande, auzeni kuti chilichonse chophuka pansi pa mfundo azithyola, apo ayi pakatha zaka adzabwera kudzakutukwanani kuti munawagulitsa nachesi n'kubereka mandimu. Wa ku Nsanje akafuna maapozi muuzeni zoona, kuti mtengowo umafuna chisanu, ndalama yakeyo musaikhumbire. Njere za mitengo yachilengedwe musavutike kuzitenga kunja, a FRIM, ofufuza za nkhalango ku Zomba, alipo. Za mbawa ndi masuku zimafesedwa zikadali zatsopano, za msangu mumayamba mwacheka kachikopa ndi chowengera zikhadabo.

Mtengo wogulitsira muziwerengera pa rand ya tsiku lomwe mukudzaodanso, osati ya tsiku lomwe munagula. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anzanga amene anali atagulitsa pangongole analephera kubwerera ku Joni. Ine masiku ano ndimapita kukatenga mitundu yokhayo imene kuno kulibe, yochepa, m'miyezi yozizira, zina zonse ndimamezanitsa ndekha. Ndipo wa oda yaikulu amayamba wapereka theka, kaya ndi abusa, kaya ndi malume anga. Buku la Van Wyk ndikhoza kukutengerani ulendo uno, koma ndalama itsogole.