Koma pulogalamuyo anailemba ndi munthu, ndiye mukuti palibe wokonza bwanji?

Achimwene ena a ku Monkey Bay andilembera imelo akuti, "Zoyeserera evolution pa kompyuta ndazimva, koma pulogalamuyo anailemba ndi munthu, ndiye si umboni woti chilichonse chovuta chimafuna wochikonza?" Funso labwino kwambiri achimwene, ndipo ndikufuna ndikuyankheni bwinobwino. Evolution ndi kusintha pang'onopang'ono kwa zamoyo m'mibadwomibadwo mpaka kutuluka mitundu yatsopano.

Munthuyo amalemba malamulo a dziko la mu kompyutalo, salemba zomwe zitulukemo. Zili ngati bawo, wosema thabwa sadziwa mmene masewera a mawa athere.

Cha mu 1990 wasayansi Thomas Ray anapanga pulogalamu yotchedwa Tierra, anaikamo kachinthu kamodzi ka malangizo 80 kongodziwa kudzikopa basi, nthawi zina kukopako kumalakwika pang'ono, malo osungira zinthu mu kompyuta (memory) ndi ochepa ndiye ena amafa ena amatsala. Posakhalitsa munatuluka tina ta malangizo 45 tomwe tinataya mbali yodzikopera nkumabereka pogwiritsa ntchito ya anzawo, majeremusi enieni, kenako tina tinayamba kudziteteza, tina nkumabera akubawo. Ray sanalembe chilichonse mwa zimenezi, anazipeza zili mkati.

Ija imandigwira mtima ndi ya pulogalamu ina yofanana nayo yotchedwa Avida, ya 2003, yomwe anachita Richard Lenski ndi anzake ku Michigan State University. Ankafuna aone ngati tizinthu timeneti tingafike pogwira ntchito yovuta yotchedwa EQU, yomwe imafuna malangizo ambiri ogwirizana. Pomwe ntchito zing'onozing'ono zinkapatsidwa mphotho, magulu 23 mwa 50 anafika. Atachotsa mphotho za ntchito zazing'onozo nkusiya ya EQU yokha, palibe ndi gulu limodzi lomwe linafika. Ndiye onani, chovuta sichimagwa kamodzi, chimamangidwa pa tizidutswa takale tomwe tinkathandiza pa zina. Ndiponso masinthidwe ena omwe poyamba anali owononga ndi omwe pambuyo pake anatsegula njira.

Pulogalamuzi sizikamba za amene anayambitsa dziko, zimenezo mukambirane ku mzikiti kapena ku tchalitchi. Zimangoonetsa kuti kukopa, kulakwika ndi kusankhidwa zitha kutulutsa zinthu zomwe palibe anazijambula.

Ndipo inu muli pafupi ndi Cape Maclear, pitani mukaone mbuna m'miyala muja. Nyanja yathuyi ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba za banja limodzi ndi chambo, zina zimapala ndere pamwala, zina zimaswa nkhono, ndipo pali mbuna ina yomwe imadya mamba ndi zipsepse za nsomba zinzake, khalidwe lomwe lija la tomwe tinatuluka mu Tierra.