Kwa achemwali amene mwafunsa za unamwino: magazi si amene adzakuvuteni

Achemwali amene mwafunsa osatchula dzina, funso lanu ndaliwerenga kawiri usiku wathawu ndipo tulo tinachedwa kubwera. Mwati mwakhoza bwino MSCE, makolo akufuna mukachite unamwino poti "ntchito yake sisowa", koma inuyo mumaopa magazi ndipo mumtima simukumvamo mayitanidwe alionse. Mwafunsanso kuti ife amene tili kale m'katimu chinatikoka n'chiyani, nanga sukuluyi yatisintha bwanji. Ndaona ambiri akuyankhani kuti ngati si mayitanidwe musayerekeze n'komwe. Ndikupempha mundimvereko kaye, chifukwa ine akanandiuza choncho ndikanasiya ndisanayambe.

Kwathu ndi ku Mulanje, cha ku Limbuli, msewu wopita ku Muloza. Mayi anga athyola tiyi ku esiteti zaka zambirimbiri, dengu lili kumsana, kaya kuli chiperoni kaya dzuwa likuswa mtengo. Ine ndamaliza chaka chachitatu cha dipuloma ya unamwino ndi uzamba, ndipo pano ndikuwerengera mayeso a Council, bungwe lovomereza anamwino ndi azamba.

Zimene zinandikoka n'ziwiri, ndipo palibe ndi chimodzi chomwe chimene mungachitche mayitanidwe. Choyamba ndi umphawi. Ndinkafuna ntchito ya malipiro a pamwezi kuti mayi apume, azing'ono anga asamabwezedwe kusukulu chifukwa cha fizi. Chifukwa chimenechi sindichita nacho manyazi, ndipo makolo anu musawaone ngati alakwa poganiza chimodzimodzi. Chachiwiri ndi mkwiyo. Ndili Fomu 2 agogo anga aakazi anagonekedwa pachipatala china, ndipo wowadikirira ndinali ine. Chichewa ankachimva bwinobwino, koma ululu ukakula ankangolankhula Chilomwe. Usiku wina anadziyipitsira pabedi, ndipo namwino amene anali pantchito anawakalipira ngati kamwana, wodi yonse ikumva. Agogo sanayankhe kanthu, anangokoka chitenje n'kudzifunditsa kumutu. M'bandakucha ndinakachapa nsalu zawo pampopi wa kuchitando misozi ili chuchuchu, ndipo pamenepo ndinalumbira kuti ndidzakhala namwino amene sadzakalipirapo wodwala moyo wake wonse.

Lumbiro limeneli mulisunge, ndibwererakonso.

Pa nkhani ya magazi, mtima wanu ukhale m'malo. Sukulu siyamba n'kukuponyani ku leba, kumene amayi amaberekera, tsiku loyamba. Miyezi yoyambirira mumakhala m'kalasi kuphunzira mmene thupi la munthu limagwirira ntchito, kenako mumayeserera pazidole: kuyala bedi, kuyeza BP, kuwerenga kugunda kwa mtima, kubaya jakisoni, kusambitsa wodwala. Ngakhale zinali choncho, tsiku limene ndinaona koyamba bala lalikulu, la mnyamata wa kabaza amene anagundidwa ndi galimoto, makutu anga anayamba kulira, maso kuchita mdima, mpaka ndinatuluka kukakhala pansi pakhonde. Asisitala, namwino wamkulu wa muwodimo, anandisiya ndipume pang'ono, kenako anandiitana n'kundigwiritsa thireyi ya zipangizo, amvekere, "Musayang'ane magazi, muziyang'ana manja angawa ndi chimene ndikupemphani." Nzeru yake ndi imeneyo. Manja akakhala ndi chochita, mutu umasiya kuopa n'kuyamba kufunsa kuti magaziwa akuchokera pati, atayika ochuluka bwanji, tiwaletsa bwanji. Mwezi usanathe ndinali ndikutsuka mabala ndekha.

Zimene zimagwetsa anthu ulesi ndi zina. Ndi kutembenuza wodwala sitiroko maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda, msana wako ukuwawa. Ndi kukataya mkodzo ndi chimbudzi cha munthu amene si mbale wako, nkhope yako osaonetsa kunyansidwa, chifukwa mwiniwakeyo akukuyang'ana ndipo manyazi amugwira kale. Ndi nayiti, pamene anzako a msinkhu wako ali mtulo. Ndi tsiku limene magolovesi achepa kapena mankhwala atha, ndipo wouza abale kuti akagule ku famase ndiwe, ukudziwa kuti m'thumba mwawo mulibe kanthu. Ndi imfa yoyamba ya wodwala amene dzulo lake munkaseka naye. Ine anali bambo wina wachikulire amene ankakonda kunditcha "mdzukulu". Tinawasambitsa, kuwatseka maso, kuwakulunga, kenako belu la chakudya chamasana linalira ngati palibe chachitika. Tsiku limenelo nsima inandikanika.

Tsopano ndibwerere ku lumbiro lija, chifukwa kusintha kwanga kwenikweni kuli pamenepo.

Mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anatipeza tili m'mawodi. Amene muli kuno mukukumbukira: mvula ya masiku angapo osalekeza, madzi ndi miyala kutsika m'phiri, milatho kukokoloka, midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe kukwiririka m'matope. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno, ndipo nthawi imeneyo n'kuti kolera, imene inayamba mu 2022, isanathe. Tonse tinali otopa kwadzaoneni. Patapita masabata angapo ndinali pa nayiti kuwodi ya ana. Cha m'ma 2 koloko usiku kunafika mayi atabereka mwana wa zaka ngati ziwiri, thupi lili moto, akuchita linjirinjiri, m'manja mwake moyera ngati pepala. Ndinafunsa kuti wayamba liti kudwala. Anati masiku anayi apitawo. Mawu anatuluka m'kamwa mwanga ndisanawaganize, mokweza: "Masiku anayi onsewa munali kuti, mayi? Mumadikira kuti mwana afe kaye?"

Mayi aja sanayankhe. Anawerama, n'kukoka chitenje kudzifunditsa kumutu.

Achemwali, ndinaona agogo anga ataima pamenepo.

Asisitala amene ndinali nawo sanandidzudzule pagulu. Anangoti, "Yezani malungo ndi shuga, konzani kanula ya diripi." Malungo anapezeka, shuga anali wotsika, magazi ochepa kwambiri. Tinamubaya mankhwala a malungo aakulu otchedwa artesunate, kumupatsa shuga wa mumtsempha, n'kuthamangira ku labu kukapempha magazi. Zinthu zitakhazikika, cha m'ma 4 koloko, asisitala anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi mayi aja, ine ndili chiimire pambali, n'kuwafunsa motsitsa mawu kuti, "Mwayenda bwanji, mayi?" Ndipo anafotokoza. Nyumba yawo inagwa, neti inapita ndi madzi, ankagona pasukulu ina pamodzi ndi mabanja ena. Mlatho wa kwawo unakokoloka, ndipo mvula itagwanso mtsinje unadzaza. Anadikira masiku awiri kuti madzi aphwe, kenako anawoloka madzi akulekeza m'chiuno, mwana ali paphewa. Ndalama ya kabaza anaipeza atagulitsa nkhuku imodzi imene inapulumuka.

Kutacha ndinapita pabedi pawo kukapepesa. Anandiyankha kuti, "Palibe kanthu anesi, bola mwanayu." Mawu amenewo amandilasabe mpaka lero, chifukwa anandionetsa kuti munthu wosauka amafika kuchipatala atavomera kale kuti akalipiridwa, ngati kuti ndiwo mtengo wa mankhwala. Mwana uja anachira, ndinamuona akudya phala asanatuluke.

Nditakhala pansi n'kuganiza ndinazindikira kuti kukalipa kuja kunachokera ku mantha. Ndinkaopa kuti mwana afera m'manja mwanga, ndipo mantha atasakanikirana ndi kutopa anafuna pogwera, n'kugwera pa munthu amene sakanatha kundibwezera. Namwino amene anakalipira agogo uja sindikumuikira kumbuyo, analakwa, koma tsopano ndikukumbukira kuti usiku umenewo anali yekha wodi yonse. Lumbiro la mtsikana wa Fomu 2 silinanditeteze. Chimene chikundithandiza pano ndi chizolowezi chimene ndinatengera kwa asisitala aja: funso loyamba kwa aliyense wobwera mochedwa ndi lakuti "mwayenda bwanji?" Ndipo ndikamva kuti m'khosi mwayamba kutentha, ndimapita kusinki kukasamba m'manja, ngakhale ali oyera, kuti mtima utsike ndisanatsegule pakamwa. Masiku ena zimandikanikabe, ndipo ndimabwerera kukapepesa.

Chinanso chimene sukuluyi yandiphunzitsa ndi kunena kuti "sindikudziwa" komanso "thandizeni" mwamsanga. Kusekondale ndinali wonyada, wofuna kuoneka wodziwa zonse. M'wodi kunyada koteroko kumapha munthu. Chaka chachitatu, ku leba, mayi wina atachira bwinobwino tinamubaya oxytocin, jakisoni wolimbitsa chiberekero, monga mwa nthawi zonse, mwana n'kumuika pachifuwa. Timaphunzitsidwa kuti m'maola oyambirira uzibwererabwerera kukagwira pamimba, chifukwa chiberekero chimayenera kukhala cholimba ngati chibakera. Nditabwerera ndinapeza mayi ali zii, akuti akumva tulo. Pamimba panali pofewa, ndipo nditakweza nsalu ndinapeza zitenje ziwiri zitanyowa ndi magazi. Ndinayamba kusisita chiberekero ndi dzanja limodzi uku ndikukuwa kuitana azamba. Anabwera akuthamanga, diripi, mankhwala, ndipo magazi analeka. Kutaya magazi pochira ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha amayi ambiri m'dziko muno, ndipo kumachitika mwakachetechete chonchi. Amene anagwira pamimbapo usiku umenewo ndi yemwe uja anakhala pansi pakhonde chifukwa cha bala la mnyamata wa kabaza. Ndiye mukandifunsa za mayitanidwe, ine anga sanandipeze kunyumba ndisanalembe kalata yofunsira malo. Anandipeza pang'onopang'ono m'mawodi momwemo, ndipo usiku umenewu ndi umene ndinadziwa kuti ntchitoyi sindingaisiye.

Za sukulu, kuno kwathu tili ndi mwayi. Pali Mulanje Mission College of Nursing and Midwifery ya CCAP, Sinodi ya Blantyre. Ku Thyolo, ku Makwasa, kuli Malamulo College of Health Sciences ya mpingo wa Seventh-day Adventist, ndipo ku Phalombe kuli Holy Family ya Akatolika. Zonsezi zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala ndi sukulu za zaumoyo za mipingo. Palinso Malawi College of Health Sciences ya boma. Dipuloma ya unamwino ndi uzamba imatenga zaka 3. Ngati mapointi anu ali abwino kwambiri yesani digiri ya zaka 4 ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, kapena ku Mzuzu University. Amayang'ana kwambiri Chingerezi, Masamu, Biology ndi maphunziro ena a sayansi, koma muwerenge nokha chilengezo cha sukulu imene mukufunayo. Chofunika koposa, musalipire ndalama kusukulu iliyonse musanatsimikize kuti ndi yovomerezeka ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, chifukwa popanda kukhoza mayeso awo n'kulembetsedwa m'kaundula simungagwire ntchito ya unamwino.

Powerengera ndalama musangoona fizi yokha. Pali yunifomu, nsapato, wotchi, mabuku, komanso thiransipoti ndi chakudya mukatumizidwa kukaphunzira kuzipatala zina, monga ku Queens ku Blantyre kapena kuchipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Ine zimenezi zinandidzidzimutsa, ndipo kangapo mayi anakongola kubanki ya m'mudzi.

Makolo anu muwauze mwaulemu zoona zake pa mawu akuti ntchito sisowa. Odwala ndi ambiri ndipo anamwino ndi ochepa, zimenezo n'zoona, koma kulembedwa ntchito m'boma kapena ku CHAM kumadikira kuti ndalama zipezeke. Ndikudziwa anzanga amene anatitsogolera amene akhala pakhomo nthawi yaitali atakhoza kale, ena akugwira maganyu a lokamu (ogwirizira ntchito m'zipatala kwa kanthawi), ena akungodzipereka. Bungwe la anamwino la NONM lakhala likudandaula za nkhani imeneyi. Ndi bwino adziwiretu, kuti mukadzamaliza n'kukhala miyezi muli pakhomo asadzaone ngati mwawagwiritsa fuwa la moto.

Musanalembe kalata, chitani chinthu chimodzi. Wachibale kapena wa kumpingo akagonekedwa, dziperekeni kukamudikirira masiku atatu kapena anayi, usiku womwe. Kapena mupemphe alangizi a zaumoyo a kwanuko kuti muziwathandiza tsiku la sikelo ya ana. Mukakhala kumeneko mudzifunse moona mtima chimene chikukuvutani. Ngati ndi mantha, chizungulire, mtima kugunda, zimenezo zimatha, ndaziona zikutha mwa ine ndi mwa anzanga ambiri. Koma mukapeza kuti anthu odwalawo akukunyansani, kuti simukufuna n'komwe kumva nkhani zawo, musadzikakamize chifukwa cha makolo. Kuli za labu, za mankhwala, uphunzitsi ndi zina zambiri, ndipo palibe chochititsa manyazi posankha zimenezo.

Agogo anga anatisiya ndili chaka choyamba, yunifomu yanga anangoiona pachithunzi cha pafoni. Mayi akuthyolabe tiyi, koma ndikapita kumudzi pa holide anzawo a ku esiteti amabwera madzulo kudzakhala pamkeka kuti ndiwayeze BP, ndipo awiri mwa iwo pano ali pa mankhwala chifukwa tinawatumiza kuchipatala nthawi yabwino. Mukafuna mndandanda wa zimene ndinagula polowa chaka choyamba, kapena mmene mafunso a intaviyu anayendera, ndilembereni ku inbox. Masana ndimakhala ndikuwerenga, koma madzulo ndikuyankhani.